Dambo losafuna feteleza: masiku asanu ku New Forest ndi ku Purbeck

Lolemba, 1 Seputembala, Beaulieu Road

Ndinaweruka ku ntchito ya usiku 7 koloko m'mawa, ndipo m'malo mopita kukagona monga ndichitira masiku onse, ndinanyamula kachikwama komwe ndinalongedzeratu dzulo n'kulunjika ku siteshoni ya Southampton Central. Ndakhala mumzinda uno wa ku England zaka zinayi ndikusamalira okalamba, koma tchire la New Forest lomwe lili pa mtunda wa mphindi ngati 20 pa sitima ndakhala ndikungolionera pawindo. Ndisanabwere kuno ndinali mlangizi wa zaulimi ku Mchinji, ndipo matenda a alangizi sachizika: ukaona nthaka yogonera umayamba kuwerengera mumtima matumba a chimanga omwe akutayika. Ulendo uno ndaukonza kuti ndikaone ndekha chifukwa chimene anthu a dziko lothithikana chonchi, momwe kachipinda kamodzi kamadya theka la malipiro, amasiyira mahekitala zikwizikwi kwa zitsamba zosafika ndi m'chiuno momwe.

Sitima zambiri zimangodutsa pa Beaulieu Road osaima, choncho ndinadikira nthawi yaitali ndikusinza pa benchi. Tikiti ndi kapu ya tiyi zinandidyera mapaundi 9. Dzina la malowa limalembedwa mwa Chifalansa koma eni ake amati Byuli, ndipo wogulitsa matikiti anandifunsa kawiri asanamve komwe ndinkapita. Nditatsika, sitima n'kuchoka, kunangoti zii. Palibe mudzi pamenepo, koma hotela imodzi, makola a matabwa momwe amagulitsira mahatchi pa okushoni monga tichitira ndi fodya ku Kanengo, ndi chidikha chofiirira chofika komwe maso alekezera.

Chidikha chotere Angelezi amachitcha heath. Ndi mchenga wosabala wodzala ndi zitsamba zazifupi za masamba ang'onoang'ono olimba, zomwe zonse pamodzi amaziti heather. Gawo lomwe ndatsata ine ndi lonyowa, lomwe limakhala pakati pa mtunda wouma ndi chithaphwi chenicheni, ndipo kwathu tikanati ndi malo a lowe a m'mphepete mwa dambo. M'nyengo yozizira madzi amadikha pamenepo, koma m'chilimwe pamwamba pamatha kuuma mpaka kunyenga mlendo.

Kuchokera pa Shatterford, pafupi ndi siteshoni, njira imatsetsereka pang'onopang'ono, mwakuti miyendo siizindikira n'komwe, koma zomera zimazindikira. Pamwamba panali Calluna vulgaris, ya timaluwa tating'ono kwambiri tothithikana pa nthambi, pamodzi ndi Erica cinerea, ya maluwa ofiirira kwambiri onga timabelu. Nditatsika mwina kutalika kwa bondo langa, mtundu wa tchire unasintha n'kukhala wotuwa mbuu. Apa mwini malo ndi Erica tetralix: masamba ake ali ndi ubweya wotuwa ndipo amamera anayi anayi mozungulira tsinde, mopingasa ngati mtanda, pomwe maluwa ake a pinki wosawala amaunjikana kunsonga atazyolika. Pakati pake panali zitsinde za udzu wa Molinia caerulea, wolimba ngati tsekera wachichepere, ndi ndere yokhuthala ya Sphagnum yomwe ukaiponda imatulutsa madzi ngati siponji.

Ndinaona maluwa oyera onga thonje chapatsogolo, otsalira a chilimwe, ndipo ndinachoka m'njira kuti ndikawajambule. Ndisanayende mapazi khumi mwendo wamanja unatitimira mpaka pa bondo. Madzi ake anali ozizira ngati a mufiriji, nthaka yonse yondizungulira inkanjenjemera, ndipo kunena zoona mtima unapita m'mwamba, chifukwa panalibe munthu aliyense amene ndinamuuza komwe ndili. Ndinagwira chitsinde cha udzu n'kudzikoka chokwawa. Bambo wina wachikulire, yemwe ankaonera mbalame ndi galasi loonera kutali, anabwera osathamanga, nandifunsa ngati sindinavulale, kenako anandipatsa phunziro lomwe ndayenda nalo sabata yonse. Anati: "Bambo, nthaka ino imalemba chenjezo lake ndi maluwa. Mukaona ofiirira kwambiri, yendani momasuka. Mukaona a pinki otuwa, mudzanyowa nsapato zokha. Mukaona thonje lija ndi ndere yobiriwira mowala, bwererani." Anandigawira khofi wa mufulasiki yake, ndipo ndinakumbuka agogo anga aakazi, omwe ankadziwa pokumba chitsime cha kudimba pongoyang'ana pomwe mlulu wamera.

Lachiwiri, 2 Seputembala, Brockenhurst

Ndinagona kwa mayi wina wamasiye kumapeto kwa mudzi, mapaundi 55 usiku umodzi, mtengo womwe ndinakana kuutembenuza m'makwacha kuti tulo tibwere. Ataona nsapato zanga anazidzaza manyuzipepala n'kuziimika pafupi ndi chitofu, ndipo m'mawa anatulutsa jombo za malemu amuna awo. Ndinati: "Mayi, zimenezi n'zachikumbutso, sindingazipititse m'matope." Iwo anayankha kuti mwini wake anazigulira matope omwewo. Zinali zazikulu pang'ono, choncho ndinavala masokosi awiriawiri.

Kunja kunali mvula yowaza yonga chiperoni. Mahatchi, abulu ndi ng'ombe zimayenda mumsewu wa m'mudzi popanda mbusa, ndipo magalimoto ndiwo amadikira. Tsiku lonse ndinalithera pa kachigwa kamodzi kumadzulo kwa mudzi, nthawi zambiri nditagwada, pakuti zomera zomwe ndinadzera zimafuna munthu wodzichepetsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadutsa kawiri pamalo amodzi ndisanaone kuti m'mapondedwe a mahatchi, pa dothi lakuda lonyowa, munali timbewu tofiira psuu tosaposa ndalama yachitsulo kukula kwake.

Timeneti ndi Drosera. Tsamba lililonse lili ndi titsitsi tofiira, ndipo kunsonga kwa katsitsi kalikonse kuli kadontho kowala ngati mame a m'mawa, koma si mame ayi, ndi ulimbo. Kachilombo kakatera kamakakamira, titsitsi timapindikira pa iko pang'onopang'ono, ndipo tsamba limatulutsa madzi ogaya n'kuyamwa chakudya. Ndinapeza mitundu iwiri: Drosera rotundifolia ya masamba obulungira, yomwe imakonda kukhala pa ndere, ndi Drosera intermedia ya masamba otalikirapo ngati kasupuni, yomwe imakonda dothi losabisika. Pa tsamba lina panali mapiko okha a udzudzu. Charles Darwin anayamba kufufuza kambewuka mu 1860 ali ku Sussex, ndipo kanamutenga mtima kwa zaka zambiri mpaka analemba buku la zomera zodya tizilombo mu 1875. Chomwe chinandichititsa manyazi n'chakuti m'bale wake, Drosera madagascariensis, amamera m'madambo ndi m'mapiri a ku Malawi, ndipo ndiyenera kuti ndinamuponda kambirimbiri ndikupita kukayeza madimba, maso ali pa chimanga.

Chifukwa cha ulenje umenewu mlangizi aliyense angachimve msanga. Nthaka ino ndi yowawasa, pH yake ili cha pa 4, pomwe chimanga chimafuna cha pa 6. Mvula ya zaka zikwi zingapo inatsuka mchere wa m'mchenga n'kuutsitsira pansi, pomwe chitsulo ndi zowolerana zinaumbana n'kukhala chikhakha cholimba, ndipo pena pali dongo, moti madzi amalephera kulowa. M'madzi odikha ndi owawasa chonchi zomera zakufa siziwola bwino, zimangounjikana kukhala dothi lakuda lomwe amati peat, ndipo nayitrojeni amakhala womangika mmenemo. Ndere ya Sphagnum, yomwe imatha kusunga madzi olemera mpaka maulendo 20 kuposa kulemera kwake ikauma, imaonjezeranso kuwawasako. Choncho chomera chilichonse pano chili ndi njira yake yopezera ndiwo. Drosera urea wake ndi ntchentche. Heather amagwirizana ndi tinkhungu ta m'mizu yake tomwe timamuswera zowolerana. Chitsamba cha Myrica gale, chomwe ndinachipeza m'mbali mwa kamtsinje, chili ndi timatuza m'mizu tokoka nayitrojeni mumpweya monga achitira nandolo, ngakhale kuti tizilombo tomwe timagwira ntchitoyi ndi ta mtundu wina. Ndinafikisa tsamba lake m'manja ndipo fungo lake lokoma silinachoke mpaka madzulo. Kale ankafululira mowa, komanso amati limathamangitsa tizilombo toluma.

Chakumadzulo ndinakumana ndi bambo wina pa galimoto yodzala matope, yemwe ankafunafuna hatchi yake yaikazi. Iye ndi mmodzi mwa anthu omwe ali ndi ufulu wodyetsa ziweto m'nkhalango ino ya New Forest, ufulu womwe umakhala pa malo omwe munthu akukhala, osati pa dzina lake. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa ndi mfumu William woyamba cha m'ma 1079 kuti azisakamo nyama, ndipo inasanduka paki ya dziko mu 2005, koma mahatchi onse pafupifupi 5,000 omwe amaoneka ngati akutchire ali ndi eni ake. Bwalo la ma Verderer ku Lyndhurst ndilo limayang'anira zoweta, ndipo antchito ake amadula ubweya wa kumchira kwa hatchi mwa mtundu wina posonyeza kuti mwini wake walipira msonkho wa chaka. Bamboyo analoza dambo ndi chibwano nati: "Chotsani mahatchi ndi ng'ombe zaka khumi zokha, mudzapeza udzu wautali ndi mitengo, timaluwa tanuto titatha." Anaonjezera kuti pakati pa Novembala ndi Malichi ogwira ntchito za nkhalango amatentha dala zigawo zina za tchireli.

Apa ndinakhala kakasi. Zaka zonse zija ndinkayenda mudzi ndi mudzi, kukhala pansi ndi mafumu, kuletsa kutentha tchire ndi kudyetsa ng'ombe mopyola muyeso m'dambo, ndipo lero ndikumva kuti kuno moto ndi ziboda ndizo zikusunga malo. Nditaganiza bwino ndinaona kuti sitinkanama ayi, pakuti moto wa kuno ndi wa m'nyengo yozizira, nthaka ili chinyowere kuti peat asapse, pa kachigawo kakang'ono komwe sikadzatenthedwanso kwa zaka zambiri. Sungafanane ndi lupsa la mu Okutobala lomwe mnyamata wosaka mbewa amayatsa n'kuthawa. Komabe ndikuvomera kuti tinkalankhula ngati moto uli ndi nkhope imodzi yokha, ndipo akuluakulu omwe ankatiuza za kutentha msanga udzu usanaumitsitse sitinkawamvetsera mokwanira.

Lachitatu, 3 Seputembala, Wareham

Lero ndi tsiku la sitima ndi la mantha aang'ono. Ndinabweza jombo, mayi aja anandikulungira masangweji a tchizi, ndipo sitima yopita ku Weymouth, yodzera ku Bournemouth ndi ku Poole, inachedwa pafupifupi ola lathunthu. Ndili m'njira ndinamva kuyabwa kuseri kwa bondo, ndipo nditayang'ana ndinapeza nkhupakupa yaing'ono ngati njere ya mpiru itakanirira. Kwathu nkhupakupa ndi nkhani ya ng'ombe ndi dibi, koma kuno imatha kufalitsa matenda a Lyme kwa anthu. Mayi wa pasitolo ya mankhwala ku Wareham anandigulitsa kapulasitiki kochotsera pa mapaundi 4, nandilangiza kuti ndisaifinye kapena kuiwotcha, ndipo ndikadzaona chizungulire chofiira pakhungu kapena kumva malungo m'masabata akubwerawa ndidzapite kwa dokotala. Madzulo ndinadya nsomba ndi tchipisi pa gombe la mtsinje wa Frome, mapaundi 12, ndikulakalaka nsima ya mgaiwa ndi chisoso. Ndinagona 8 koloko isanakwane.

Lachinayi, 4 Seputembala, Hartland Moor

Ndinanyamuka wapansi, kuwoloka Frome, kudutsa Stoborough, ndipo ndinayenda kupitirira ola m'kamsewu kopapatiza ndisanafike. Kuthambo kunali mitambo yokhayokha. Malo ano ndi gawo la Purbeck Heaths, malo otetezedwa a mahekitala 3,331 omwe analumikizidwa mu 2020, pomwe eni malo asanu ndi awiri anagwirizana kuwasamalira ngati munda umodzi. Anachotsa mipanda yambiri kuti ng'ombe, mahatchi ndi nkhumba ziziyenda momasuka, ndipo ndinaona pomwe nkhumba zinafukula, dothi lakuda lili poyera. Njira yomwe ndinatsata ndi mkwaso wa njanji yakale ya Middlebere ya mu 1806, pomwe mahatchi ankakoka ngolo za dongo loyera kupita ku doko la Poole, dongo lomwe linkaumbidwa mbale ndi makapu kutali kumpoto.

Chomwe chimabweretsa anthu kuno ndi Erica ciliaris, duwa lomwe boma la Dorset limadziwika nalo, ndipo ku Britain limapezeka mochuluka kuno ndi ku Cornwall. Ndinkaopa kuti sindilizindikira, koma linadzionetsa lokha: maluwa ake ndi akuluko, a pinki wowala, otupa pamimba ndi opapatiza kukamwa ngati timitsuko, ndipo amandandalikana m'mwamba pa tsinde m'malo mounjikana kunsonga. Masamba ake amamera atatu atatu ndipo m'mphepete mwake muli titsitsi tonga nsidze. Zitsamba zina zinandisokoneza chifukwa zinali pakatikati, ndipo mayi wina wodzipereka yemwe ankawerenga maluwa ndi kabuku m'manja anaseka nati ndisadzivutitse, chifukwa Erica ciliaris ndi Erica tetralix zimakwatirana, ndipo mwana wake, Erica watsonii, ndi wochuluka pano. Nditamuuza kuti ndimachokera ku Malawi anandifunsa za Mulanje, komwe zitsamba za Erica zimakula mpaka kupitirira munthu. Mtundu wa Erica uli ndi mafuko oposa 800, ndipo ambiri mwa iwo ali ku Cape, ku South Africa, moti tingati kuno kumpoto kuli nthambi yaing'ono chabe ya banja lomwe mudzi wake waukulu uli kwathu ku Africa.

Mayiyu anandionetsa chinthu chomwe ndekha sindikanachiona. Dambo la Hartland lili ndi mikono iwiri yomwe imakumana ngati mphanda, ndipo madzi a mkono umodzi ndi owawasa pomwe a mkono winawo ali ndi laimu. Kusiyana kwake kumaonekera pa zomera, pakuti ku mbali ya laimu kuli zitsinde za Schoenus nigricans, wonga mlulu wa mitu yakuda, yemwe ku mbali inayo sachuluka. Kumbali yowawasa kunali minda ya Narthecium ossifragum. Maluwa ake achikasu amatha mu Julaye ndi Ogasiti, koma tsopano mapesi ndi njere zake zinali zofiira ngati njerwa yootcha, ndipo dambo lonse linkaoneka ngati likunyeka. Dzina lake la Chilatini limatanthauza woswa mafupa, chifukwa abusa akale ankaona nkhosa zodya m'malo otere zikuthyoka miyendo n'kumaloza duwali, chonsecho vuto linali nthaka yopanda kashiamu. Ndinaseka ndekha, pokumbukira alimi omwe ankanena kuti kaufiti ndiye wathetsa chonde m'munda, pomwe iye amachuluka chifukwa chonde chatha kale.

Duwa lomwe ndinkalilakalaka kwambiri linali Gentiana pneumonanthe, lomwe limachita maluwa mu Ogasiti ndi Seputembala. Mayiyu ananditengera pamalo pomwe ng'ombe zinadula udzu, pakati pa Erica tetralix, n'kuloza timitengo totalika ngati chikhatho chotambasula tokhala ndi nsonga zopotana zotsekeka. Anati: "Achimwene, ameneyu satsegula pakhomo kopanda dzuwa. Ngati muli ndi nthawi, khalani pansi." Iye anapitiriza ntchito yake, ine ndinakhala pa chitsinde cha udzu, thalauza ikuyamwa madzi, ndikudya masangweji a dzulo. Ndinadikira pafupifupi maola awiri, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kunyamuka. Cha m'ma 2 koloko mitambo inang'ambika, kunafunda, ndipo pang'onopang'ono maluwa asanu ndi limodzi anatseguka ngati malipenga oloza kumwamba, a buluu wozama yemwe sindinamuonepo pa duwa lililonse, okhala ndi mizere yobiriwira kunja ndi timadontho mkati. Njuchi yaikulu inalowa m'limodzi mpaka kubisika yonse. Njere za duwali zimamera pa dothi lonyowa losabisika, choncho chiboda cha ng'ombe chomwe chingaliphwanye lero ndicho chimakonzera ana ake pomera.

Lachisanu, 5 Seputembala, Studland

Basi ya nambala 40 inandifikitsa ku Swanage pa mapaundi 3, ndipo ya nambala 50 inanditula ku Studland. Miyendo inali italema kale, choncho ndinangokwera pang'onopang'ono mpaka pa Agglestone, chimwala chachikulu chofiirira chomwe chili chokhachokha pa kaphiri pakati pa Godlingston Heath. Kuchokera pamenepo zomwe bambo wa pa Shatterford anandiphunzitsa zinaoneka ngati mapu: pamwamba pofiirira, m'munsi mwake motuwa, kenako mikwingwirima ya njerwa ndi yobiriwira m'zigwa. Kutsidya kwa doko kunali nyumba za Poole ndi Bournemouth zothithikana, ndipo zambiri mwa izo zinamangidwa pomwe kale panali tchire lomweli. Cha m'ma 1750 dera lino linali ndi mahekitala pafupifupi 40,000 a heath, koma lero otsala safika gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa cha minda, mitengo ya paini yodzalidwa, migodi ya dongo ndi mizinda. Tsopano lamulo la kuno sililola kumanga nyumba zatsopano zogonamo pa mtunda wosakwana mamita 400 kuchokera pa heath yotetezedwa.

Potsika ndinapeza gulu la anthu, ambiri a imvi, akuzula timitengo ta paini ndi kudula tina ndi masowo. Ine amene ndinagawa mbande zikwizikwi m'nyengo yodzala mitengo ndinaima n'kumangoyang'ana. Mtsogoleri wawo anafotokoza kuti tchire lino linayamba pomwe anthu a zaka 3,000 kapena 4,000 zapitazo anagwetsa nkhalango n'kuyamba kuweta, ndipo likasiyidwa limabwerera ku mitengo, yomwe imamwa madzi n'kuphimba zomera zazifupi. Mdani wina, anatero, saoneka ndi maso: nayitrojeni wochokera mu utsi wa magalimoto ndi m'makola a ziweto amagwa ndi mvula, nthaka imanona, ndipo udzu wa Molinia umakula mwamphamvu n'kutsamwitsa heather, Drosera ndi Gentiana. Ngakhale ndowe za agalu m'mbali mwa njira zimasintha zomera. Nditamuuza ntchito yanga yakale, ndi momwe alimi kwathu amagonera pa mzere kudikira thumba limodzi la feteleza, anakhala chete kanthawi, kenako anandipatsa magolovesi.

Ndinazula timitengo 23 msana usanakane. Anandipatsa tiyi ndi keke ya zipatso, ndipo mayi wina anandiuza kuti lumbe yemwe amaikira mazira pansi m'tchire lino m'chilimwe anali atayamba kale ulendo wopita ku Africa, kum'mwera kwa Sahara. Basi ya nambala 50 inakwera yonse pa pantoni ya unyolo ya ku Sandbanks, ndipo tinawoloka m'mphindi zochepa. Pa sitima yochokera ku Bournemouth ndinakhala dala ku windo, ndipo titadutsa pa Beaulieu Road osaima ndinatha kuloza pomwe tchire lofiirira limasanduka lotuwa, ndi chapatsogolo pake pomwe ndinatitimira. Kuseri kwa bondo kukadali kadontho kofiira kakang'ono komwe ndakazunguliza ndi bolopeni kuti ndione ngati kakukula. Mawa ndikulowa ntchito 8 koloko usiku, ndipo nsapato zija sizinaumebe.